Lachiwiri, chifunga ndi ndege za pa kompyuta

Ndadzuka m'mawa kuli chifunga choti nyumba za tsidya la ngalande sizimaoneka. Ndikupalasa njinga kupita ku yunivesite kuno ku Delft, m'dziko la Netherlands, maganizo anga anali pa bwalo la ndege la Schiphol, pafupi ndi Amsterdam. Pa tsiku ngati lino ndege zimatera motalikirana kuposa masiku onse, ndiye zotera pa ola limodzi zimachepa. Nanga zotsalazo zidikire kuti?

Funso limenelo ndi lomwe ndakhala nalo tsiku lonse. Ku Ulaya, ofesi ya ku Brussels ya EUROCONTROL, bungwe loyang'anira kayendedwe ka ndege, ikaona kuti bwalo lidzaza, imapatsa ndege zopita ku bwalolo nthawi yonyamukira, yomwe amati slot. Ndege imadikira pansi injini zitazima, m'malo mozungulira kumwamba ikumwa mafuta. Imaloledwa kunyamuka mphindi 5 nthawiyo isanakwane, kapena mpaka mphindi 10 itadutsa.

Njira yatsopano yogawira ma slot siyesedwa pa ndege zonyamula anthu, imayamba yayeseredwa pa kompyuta. Poyesa njira yanga, ine ndimagwiritsa ntchito BlueSky, pulogalamu yaulere yomwe inalembedwa konkuno m'chilankhulo cha kompyuta cha Python. Ndinaika ndege zanga, ndikuchepetsa zololedwa kutera, kenako ndikuthamangitsa wotchi kuti m'mawa wonse uthe tiyi wanga asanazizire. Tindege tija timabwera mwa ndawala, kamodzikamodzi, popanda kozungulira. Mtima unangoti myaa.

Masana ndinakaonetsa aphunzitsi anga. Anayang'ana kwa kanthawi, chala chili pa galasi la kompyuta, kenako anandifunsa ngati ndinaonapo ndege zonse zikunyamuka pa mphindi yeniyeni yomwe zapatsidwa. Ndinasowa choyankha. Ndege zanga zinali zomvera kwambiri: panalibe wokwera wochedwa, katundu wotsitsidwa, kapena mphepo yokankha ndege kuchokera kumbuyo n'kuifikitsa msanga.

Nditabwerera pa desiki ndinalola ndege iliyonse kunyamuka nthawi ina iliyonse mkati mwa mphindi 15 zija. Apa m'pamene zinthu zinasintha. Zina zinafulumira, zina zinachedwa, n'kukumana pakhomo pa bwalo nthawi imodzi, pamene kumbuyo kwake kunatsala mpata waukulu wopanda ndege. Ndinatsatira kandege kamodzi komwe kanali katadikira kale pansi, ndipo kanakazunguliranso kumwamba. Zinandikhudza, chifukwa m'ndege yeniyeni amenewo ndi anthu odikira kawiri, ena ndege yolumikiza ikuwasiya.

Ndaona kuti kuyesa kamodzi sikukwanira. Pafunika kubwereza kambirimbiri, ulendo uliwonse kuchedwa kukhale kosiyana, kuti ndione ngati njira yanga imapirira masiku ovuta. Ndasiya kompyuta ikuchita zimenezo usiku uno.

Potuluka chifunga chinali chitachoka, ndipo ndinaona nyali za ndege ziwiri zikutsika motsatizana cha kumpoto. Mawa ndiyamba ndi kuikamo mphepo.