Kompyuta ya magemu yayaka, koma BIOS inandidyera Loweruka lathunthu

Usiku wadzulo ndamenya gemu ya mpira ya FC 24 pa kompyuta yomwe ndamanga ndekha mpaka 2 koloko m'mawa, gemu osadodoma ngakhale kamodzi. Mtima wakhala pansi tsopano. Koma ndisanayambe kudzitama, ndinene kaye chimene chinandiwawa: ngati mukugula purosesa ya Ryzen 5 5600 pamodzi ndi motherboard (bodi yomwe zida zonse zimalumikizidwapo) ya B450, funsani za BIOS, kapulogalamu ka m'bodimo komwe kamadzutsa kompyuta, musanatulutse ndalama. Mawu amenewa muwamvanso kutsogoloku, musatope nane.

Ndalama zanga zinali zowerengeka. Ndinayamba kusunga kumayambiriro kwa 2023, ndandanda wa zida nditaulemba bwinobwino kumapeto kwa kope. Kenako mu November chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndandanda uja n'kusanduka nthano. Chilichonse cha m'kati mwa kompyuta chimachokera kunja, ndiye dola ikakwera umangoona zida zikukupulumuka m'manja chimodzichimodzi. Graphics card (khadi lotulutsa zithunzi) ya RTX 3060 yomwe ndinkailota ndinaifufuta tsiku lomwelo. Timagetsi tokongoletsa tija ta RGB natonso tinapita, ndipo sindinatilire.

Purosesa ndinakhazikika pa Ryzen 5 5600. Ili ndi ma core 6 ndipo imabwera ndi fani yakeyake m'bokosi, choncho palibe zogulanso choziziritsira china. Anzanga ena ankandinena kuti bwanji osalowa soketi yatsopano ya AM5, popeza AM4, soketi yomwe purosesa imeneyi imalowamo pa bodi, ndi nkhalamba ya mu 2016. Zoona, ndi yakale. Koma AM5 imafuna RAM ya DDR5, bodi yake nayo ndi yodula, ndipo ndalama zomwe zikanathera kumeneko ndi zomwe zinandigulira graphics card. Pa kompyuta ya magemu khadi limeneli ndiye mwini nkhani. Purosesa ikhale yapakatikati, kesi ikhale yosaoneka bwino, zilibe kanthu, koma khadi likakhala lofooka ndiye kuti mwamanga kompyuta yolembera makalata.

Khadi ndinatenga RX 6600 ya 8GB. Pa 1080p imakoka magemu onse amene ine ndimasewera, ndipo sidya magetsi ambiri, mawati 132 basi, waya umodzi wa mapini 8. Ndinatsala pang'ono kugwa m'mbuna ya RX 580 yakaunjika. Mnyamata wina ankaitsatsa motchipa zedi, n'kumalumbira kuti "sinagwirepo ntchito yolemetsa iyi, bwana". Makadi amenewa anasefukira pamsika kuyambira September 2022, pamene ndalama ya pa intaneti ya Ethereum inasiya kukumbidwa ndi ma graphics card, ndipo ambiri anali atagwira ntchito usana ndi usiku osapuma. Sikuti onse ndi owonongeka ayi. Koma nditamuuza kuti ndibwera tiyatse gemu kwa theka la ola ndione mmene khadilo likutenthera, mnyamata uja anayamba nkhani za maliro kumudzi. Ndinadziwira pomwepo. Palinso ina yolembedwa RX 580 2048SP, imene kunena zoona mphamvu zake ndi za RX 570. Dzina muziliwerenga mpaka kumapeto.

RAM ndi SSD sizinandivute. RAM ya DDR4-3200, tiwiri ta 8GB, osati kamodzi ka 16GB, chifukwa tiwiri timathandizana kunyamula katundu. SSD, yosungiramo magemu ndi mafayilo, ya NVMe ya 1TB, poti magemu a masiku ano ndi adyera, ena amapitirira 100GB payekha.

Zambiri anandigulira alamu anga ku Johannesburg. Kulipira pa intaneti ndi khadi la kubanki m'nyengo ino ya kusowa kwa ndalama zakunja ndi mutu wina wowawa, ndiye ndinangowatumizira ndandanda. Katundu anabwera pa basi, kudutsa Beitbridge, Zimbabwe yense, Nyamapanda, Tete, mpaka kulowa pa Mwanza, ndipo ndinakalandira ku Blantyre atakulungidwa m'bulangete ngati khanda. Koma vuto linali litabadwa kale m'sitolo. Pa ndandanda ndinalemba bodi ya B550. Alamu atafika kumeneko anandiimbira.

"Alamu, ya B550 ija yakwera. Koma pali ina pano ya B450, akuti n'chimodzimodzi, soketi yake ndi yomweyo. Nditenge?"

Ine poganiza za marandi opulumuka ndinati tengani, alamu. Wogulitsayo sananame kwenikweni. Soketi ndi yomweyodi, AM4, purosesa imalowa bwinobwino popanda kukakamiza. Chomwe sananene n'chakuti B450 inatuluka mu 2018, pamene Ryzen 5000 kunalibe, ndipo bodi yomwe yakhalitsa pa shelefu imakhala ndi BIOS yakale imene siidziwa purosesa yatsopano. Kwa iyo ndi mlendo, sitsegula chitseko.

Za kamangidwe sindikuuzani, mavidiyo ali mbwee pa YouTube. Ndinamanga Lachisanu usiku patebulo lodyera, sukurudiraiva imodzi ndi tochi ya foni. Nditatha ndinasamba m'manja ngati dokotala, n'kudina batani. Mafani onse anazungulira. TV bii. Pakona kamawu kakuti No Signal kakungoyandama.

Cholakwa choyamba chinali changa, ndivomere. Waya wa HDMI ndinaulowetsa kumbuyo kwa motherboard. Ryzen 5 5600 ilibe graphics m'kati mwake, ndiye doko limenelo ndi lakufa, waya uyenera kulowa pa khadi. Yokhala ndi graphics ndi 5600G, ya G kumapeto. Ndinadziseka, n'kusuntha waya, n'kudinanso. Bii yemweyo. Ndinazula RAM, kubwezeretsa, kuyesa kamodzi kokha, kuzula khadi, kubwezeretsa. Ndinagona cha m'ma 1 koloko, m'mimba mukutentha, ndikuwerengera miyezi yonse yomwe ndinadya nsima ya masamba kuti ndisunge ndalama zimenezi.

Tsopano Loweruka lija.

Ndinanyamula kesi yonse pa minibasi kupita ku Limbe, kondakitala n'kundilipiritsa mipando iwiri. Mnzanga wina anandilozera kashopu kena kokonza makompyuta, akuti mkulu wake ndi katswiri. Dzina sinditchula. Ndinafika 8 koloko, mkuluyo anafika 10 koloko ali ndi chipisi m'jumbo. Anayang'ana kompyuta ija ngati sing'anga akuyang'ana wodwala.

"Siyani tiione, achimwene. Kuyeza ndi K15,000, kukonza tikambirana."

Ndinalipira. Anandilozera benchi panja. Asanamasule ndi sikuluwu imodzi yomwe, magetsi anathima. Jenereta inalipo, koma inali ya ometa tsitsi oyandikana nawo, ndipo akuti singakoke zonse. Ndinakhala pa benchi paja mpaka 2 koloko masana, dzuwa likundiwotcha pamphumi, ndikuonerera anthu akulowa kukameta n'kutuluka atawala. Magetsi atayaka ndinalowa kuti ndione ndi maso anga zomwe akuchita. Anazula RAM n'kuipukuta ndi labala ya pensulo. Anachotsa kabatire kozungulira ka pa bodi, kudikira pang'ono, kubwezeretsa. Anasintha power supply yanga n'kuika yawo yakale yafumbi, zomwe zinandiimitsa mtima. Kenako anazula fani ya purosesa, n'kupukuta thermal paste, phala lopakidwa pakati pa purosesa ndi fani, ndi chala chomwe chija chinadya chipisi. Zonsezi, kupatula chala cha chipisicho, ndinali nditaziyesa kale kunyumba mwaulere. Za BIOS sanatchule ngakhale kamodzi. Bokosi la motherboard ndinabwera nalo, linali pompo patebulo, sanaligwire n'komwe.

4 koloko itakwana anapukusa mutu.

"Purosesa iyi ndi yakufa, achimwene. Kapena ndi feki, za ku South Africa zimatero. Koma musataye, ine nditha kuigula pang'ono, mwina ndingachotsemo kena kake."

Kuchotsamo chiyani m'purosesa yakufa? Apa ndiye magazi anawira. Munthu wandidyera K15,000, wandidyera tsiku, ndiye akufunanso purosesa yanga yatsopano pamtengo wa nthochi. Ndinafunsa ngati ali ndi purosesa ina ya AM4 yoti tiyesere pa bodi imeneyi, kuti tidziwe chakufa n'chiti. Anati alibe. Ndiye mwadziwa bwanji kuti yafa ndi purosesa osati bodi? Anati zaka zambiri pa ntchito. Ndinapempha ndalama yanga, anati kuyeza kwachitika. Ndinanyamula katundu wanga, mipando iwirinso pa minibasi, ndipo njira yonse sindinayankhule ndi munthu.

Ndakumbukira, za power supply ndalumpha, ndipo n'zofunika. Apa pokha musaumire. Ndinagula ya mawati 550 yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze, ya kampani yodziwika. Zija zobwera kale m'kesi zotchipa, zopepuka ngati chitini chopanda kanthu koma zolembedwa mawati ambirimbiri pambali, zisiyeni. Ndi magetsi athuwa, othima n'kubwera mwaukali, chinthu chotere chikapsa chimapita ndi khadi lanu. Ndinaonjezera ka UPS kakang'ono, kabatire kogwirizira kompyuta magetsi akathima, ndipo muona posachedwapa chifukwa chake ndimakalemekeza. Chinanso chaching'ono: waya wa magetsi wochokera ku South Africa umabwera ndi pulagi ya mano atatu ozungulira, pamene masoketi athu ndi a mano a makona. Ndinangotenga waya wa kompyuta yakale, kumbuyo kwake n'chimodzimodzi. Muyezenso utali wa khadi ndi malo a m'kesi musanagule. Langa linalowa, koma mothinana.

Lamulungu nditabwera kutchalitchi, mkwiyo utatsikako, ndinakhala pansi ndi bokosi lija ndi bandulo ya intaneti. Pa tsamba la kampani yopanga bodiyo pali ndandanda wa mapurosesa onse omwe imalandira, ndipo pambali pa iliyonse analemba BIOS yomwe ikufunika. Ryzen 5 5600 inalipo, koma ndi BIOS yatsopano. Mabodi omwe anakonzedwa kale amakhala ndi kachomata pa bokosi konena kuti Ryzen 5000 Desktop Ready. Langa linalibe. Ndinalitembenuza mbali zonse, kulibe. Mphindi 10 zokha, nditakhala pa mpando wanga, ndinapeza chomwe katswiri wa zaka zambiri sanachione tsiku lonse.

Ndiye ndikubwereza: funsani za BIOS musanalipire. Ngati akukugulirani ndi achibale kunja, auzeni ajambule bokosi, muone kachomatako ndi maso anu. Kapena sankhani bodi yokhala ndi kabatani kumbuyo, ena amati BIOS Flashback, ena Flash BIOS Button, komwe kamalola kuika BIOS yatsopano ndi fulashi yokha popanda purosesa. Yanga inalibe kabatani kameneko. Kubweza m'sitolo? Sitolo ili ku Johannesburg. Waranti ya katundu wobwera pa basi ndi pepala chabe.

Njira yotsala inali kubwereka purosesa yakale ya AM4. Ndinaimba mafoni mpaka ndinapeza mnzanga wa kusukulu amene ali ndi kashopu kosindikiza mapepala, ndipo kompyuta yake imayendera Ryzen 3 2200G ya mu 2018. Anavomera, koma anati ndibwere akatseka ndipo ikhale itabwerera asanatsegule m'mawa. Pozula fani yake ndinangotsala pang'ono kulira: paste inali itauma, ndipo nditakoka, purosesa inazuka pamodzi ndi fani, chotsekera chisanatsegulidwe. Mapurosesa a AM4 mapini ali pa purosesa penipenipo, tating'onoting'ono ngati ubweya. Ndinawaunika ndi tochi limodzilimodzi, mnzanga ataima kumbuyo kwanga osapuma. Onse anali owongoka. Njira yake ndi kuyatsa kompyuta kaye itenthe pang'ono, kenako kupotokola fani uku ndi uku musanakoke. Ndinaziphunzira mochedwa.

Kunyumba ndinaika 2200G ija pa bodi yanga, n'kudina. TV inawala. Sindinayambe ndakondwerapo choncho ndi zilembo zoyera pa sikirini. Fayilo ya BIOS ndinali nditaiika kale pa fulashi ya FAT32. Koma apa panali mantha ena: magetsi akathima BIOS ili pakati polowa, bodi itha kufa zenizeni, ndipo pamenepo mkulu wa ku Limbe uja akanakhala mneneri. Ndinalumikiza pa UPS, ndinauza a m'nyumba kuti asayatse ayironi kapena ketulo, ndipo ndinakhala n'kuyang'ana kamzere kakuyenda pang'onopang'ono, manja ali m'khosi. Sizinakwane mphindi 10. Mabodi ena amafuna muyambe mwaika BIOS yapakati musanafike pa yomaliza, ndiye werengani zomwe alemba pambali pa fayilo iliyonse.

Ndinabwezeretsa 5600 yanga, yakufa ija, feki ija, paste yatsopano kadontho kamodzi pakati. Inayaka nthawi yomweyo.

Kanthu kena komwe ambiri amaiwala: RAM yolembedwa 3200 nthawi zambiri siyenda pa liwiro la 3200 payokha. Yanga ndinaipeza ili pa 2133. Mulowe mu BIOS muyatse XMP, pa mabodi a Asus amati DOCP. Ngati bodi ili ndi mipata inayi, timitengo tiwirito nthawi zambiri timalowa pa mpata wachiwiri ndi wachinayi kuwerengera kuchokera ku purosesa, koma onani kabuku ka bodi yanu. Ndipo ngati mwatenga B450 yomweyi, BIOS, BIOS, funsani musanalipire.

Monita sindinagulebe, ndikuseweretsa TV ya pabalaza, zomwe zayambitsa kale nkhondo ina ndi okonda mafilimu a m'nyumba muno. Alamu ndinawaimbira kuti mtima wawo ukhale pansi, poti ankadziimba mlandu. Lachitatu ndinadutsa ku Limbe pa zina, ndipo mkulu uja anandiona ali pakhomo pa kashopu kake. Anandikodola ndi dzanja, akumwetulira.

"Achimwene, purosesa yakufa ija mwaganiza bwanji? Mtengo uja ulipobe."