Zikomo kwa mtsikana amene ananditsegulitsa wodilopu

Ndakhala masiku angapo ndikufuna kulemba mawu awa, koma ndikangogwira foni misozi imayamba kulengeza. Lero ndalimba mtima. Mwana wanga wamkazi walandira digiri yake ku Great Hall, ku University of Malawi konkuno ku Zomba. Ambiri mwaona zithunzi, mwandiimbira, ena mwafunsa kuti, "Amayi, chovala chija munasoketsa kuti?" Yankho lake ndi lalitali, ndipo m'kati mwake muli anthu oyenera kuwathokoza pamaso pa anthu.

Amene mumandidziwa mukukumbukira kuti bambo a kunyumba anatisiya mu 2023, patangodutsa miyezi yochepa chichitikireni namondwe wa Freddy. Mvula ya m'Malichi ija nyumba yathu ku Matawale sinagwe, tithokoze Mulungu, koma khoma la kuchipinda linamwa madzi kwambiri, ndipo wodilopu inatsamira khoma lomwelo. Apo n'kuti bambo akudwala kale, ine ndikungozungulira pakati pa nyumba ndi chipatala. Za khoma ndani akanaziganiza? Maliro atatha, achibale atagawana zovala za malemu monga mwa mwambo, ndinatulutsa madiresi awiri akuda, yunifolomu ya Mvano ndi zitenje zitatu, n'kutseka chitseko cha wodilopu. Alamu anga anandisudzula bwinobwino, anandiuza kuti ndivule zakuda. Ndinavomera pakamwa pokha. Zaka zoposa ziwiri ndakhala ndikusinthanitsa zomwezo, kusukulu kumene ndimaphunzitsa, kumsika, kumaliro, paliponse. Thupi nalo linatsika, moti siketi ya Mvano ndinkachita kuigwiritsa ndi pini m'chiuno.

Tsiku la mwambo litalengezedwa, mwana wanga anandikhazika pansi. "Amayi, tsiku langa lija simubwera mutavala zakuda. Ababa sakanalola." Anati ali ndi mnzake wa kutchalitchi amene ntchito yake ndi kuthandiza anthu kusanja zovala ndi kusankha zowakhala, iwo amati stylist. Ndinakana. Ndinati zimenezo ndi za mabwana a ku Lilongwe ndi oimba a pa TV, osati mphunzitsi wa pulayimale wokhala ndi fumbi la choko m'manja. Chifukwa chenicheni sindinachitchule: ndinkaopa chitseko chija.

Mtsikanayo anabwera Loweruka m'mawa. Wandipempha kuti ndisalembe dzina lake, ndiye ndingomutchula kuti mwanangu, monga ndakhala ndikumuitanira. Anavula nsapato pakhomo, anagwada kundipatsa moni, ndipo kuchipinda sanapiteko n'komwe. Tinakhala pakhonde tikumwa tiyi ndi mbatata, iye akundifunsa mmene sabata yanga imayendera. Ndimaima maola angati pabolodi? Lachinayi ku Mvano ndimachokera kusukulu kapena ndimayamba ndafika kunyumba? Ndimayenda pansi kapena ndimakwera kabaza? Funso la kabazali linandidabwitsa, koma anati siketi yothina m'mawondo ndi yabwino pa chithunzi chokha, munthu wokwera njinga tsiku ndi tsiku amaisiya ili yatsopano. Zonse ankalemba m'kabuku. Atamaliza ndi pamene ananena motsitsa mawu kuti, "Amayi, chitseko chija mutsegule ndinu. Ine ndiima pambuyo panu."

Fungo la chuku linatilonjera tisanaone kanthu. Nsapato zachikopa zimene ndinavala pa ukwati wa mchimwene wanga zinali zobiriwira ngati mwala wa mumtsinje wa Mulunguzi. Majuzi awiri njenjete zinadya m'mapewa. Bulauzi yoyera inali ndi timadontho takuda kumsana konse. Ndinakhala pabedi manja ali lende. Iye anayala mkeka pabalaza n'kuyamba kutulutsa chimodzichimodzi, chilichonse kuchigwira ndi manja awiri ngati cha mtengo wapatali, ngakhale chodyedwa chija.

Anati tipange milu itatu: zokhala, zopita kwa telala, ndi zotuluka m'nyumba. Chilichonse ndinkayenera kuchivala n'kuima pagalasi pafupi ndi zenera, chifukwa anati kuwala kwa babu kumanamiza. Ndikayamba kuti "ichi ndinagula modula," iye ankati, "Amayi, musandiuze mtengo, mundiuze kuti munachivala liti komaliza." Nsalu ankaiika pansi pa chibwano changa n'kundiuza kuti ndisayang'ane nsaluyo koma nkhope yanga. Ndinaona ndekha kuti zotuwa zimandionetsa ngati wodwala, pamene zobiriwira modera ndi zofiirira ngati dothi la katondo zimandidzutsa nkhope. Zaka zonsezi ndinkagula chovala chifukwa chakongola pa hang'ala.

Chakumasana tinafika kumapeto, kumene kunali jekete ya bambo. Imeneyi ndinaibisa pa tsiku logawa zovala, palibe amene ankadziwa. Mwanangu anapisa m'thumba monga ankachitira ndi chovala chilichonse, n'kutulutsa kampango kopindidwa kanayi, mmene ankapindira eni ake, ndi chivindikiro cha cholembera chotafunidwa kunsonga. Anaziika m'dzanja langa, anatuluka, n'kukoka chitseko. Ndinalira kulira kumene sindinalire ngakhale kumanda. Sanagogode, sananditonthoze ndi mawu ambirimbiri. Patapita nthawi ndinamupeza panja akuyanika zovala pa chingwe. Pobwera m'nyumba anayala chitenje choyera pa mpando nati, "Apa ndi mulu wachinayi. Zoikidwa apa sitizifunsa mafunso." Jekete ija inagona pamenepo, pamodzi ndi diresi limene ndinavala pobatiza mwana wanga. Ngati pali chinthu chimodzi chimene chinandichititsa kumukhulupirira mwana ameneyu, ndi mulu umenewo.

Pansi penipeni, m'pepala lapulasitiki, munali chitenje cha mamita 4 chimene bambo anandigulira ku Limbe asanayambe kudwala. Chinali chisanadulidwe. Chuku sichinachipeze, koma m'mizere mmene chinapindidwa chinasuluka pang'ono. Ndinati chipite pa mulu wachinayi. Apa pokha ndi pamene anandikaniza. "Amayi, adagula kuti muvale. Tsiku lake ndi lomwe likubwerali."

Za chinyontho anandiphunzitsa zinthu zosavuta zimene ndikufuna anzanga a kuno muzimve, pakuti tonse tikukhala m'tsinde mwa phiri, ndipo mukudziwa mmene kumakhalira nyengo ya mvula ndiponso chiperoni chikafika mu Juni ndi Julaye. Wodilopu isagunde khoma, pakhale mpata woti dzanja lilowe. Chovala chisalowemo chisanaumitsitse, ngakhale chitachita kusitidwa. Dzuwa likawala, zitseko zikhale zotsegula. Pansi muike kachitini ka makala ouma, muzisintha. Zimene zinagwidwa chuku pang'ono tinaziviika m'madzi othira vinega tisanachape ndi sopo, n'kuziyanika padzuwa, ndipo zambiri zinapulumuka. Bulauzi ya madontho ija yokha inakanika.

Kugula kunabwera pomaliza, ndipo tinagula zochepa kwambiri. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kaunjika amene tinkati ndi wa ife osauka anakwera moti munthu umachita kuwerenga kawiri usanatulutse ndalama. Mwanangu analemba zinthu zinayi zokha zimene zinkasowa: siketi yakuda yofika pansi pa mawondo, mabulauzi awiri opanda maluwa oti azigwirizana ndi masiketi a chitenje amene ndinali nawo kale, ndi juzi yotsegula kutsogolo. Tinalawirira kumsika pa tsiku lotsegula belo. Ndinkangomuyang'ana mmene ankasankhira: kutembenuza chovala, kuona m'khwapa ndi m'kolala, kukoka msoko, kukweza zipi ndi kuitsitsa, kenako kuyang'anitsa nsalu kudzuwa kuti aone ngati yapyapyala. Ndinakonda bulauzi ina yonyezimira, wogulitsa n'kutsitsa mtengo kawiri. Iye anangondifunsa kuti ndikaivala ndi chiyani mwa zimene zili kunyumba. Ndinalibe yankho, ndipo tinaisiya.

China chimene ndamulemekezera ndi ichi. Anandionetsa thalauzi yabwino ya nsalu yolemera nati ingandithandize m'nyengo yozizira. Ine ndinakula nthawi imene lamulo linkaletsa amayi kuvala thalauzi, lamulo lija linachotsedwa mu 1993 ndili kale mtsikana wamkulu, ndipo mpaka lero thupi langa silinaizolowere. Sindinyoza ovala, mwana wanga yemwe amavala. Ndinangoti ayi. Anaibweza pa mulu, ndipo sanaitchulenso. Ena akanandiuza kuti ndine wachikale.

Tsopano ndithokoze abambo a telala amene amasoka pakhonde la sitolo ina m'tauni, pa makina awo a Singer opalasa ndi phazi. Masiketi asanu ndi madiresi atatu anandibwezera m'chiuno mosaoneka kuti munadutsa singano yachiwiri. Chitenje chija atachitambasula anakhala kaye chete, akuyendetsa chala m'mizere yosuluka. Kenako analemba ndi choko mwakuti mizere yonse inathera m'misoko ndi m'mphepete mopinda. Anandiyeza kawiri, ndipo anamaliza kutatsala masiku anayi, monga analonjezera. Abambo, manja anu Mulungu awadalitse.

Amayi anzanga a Mvano, zikomo polandira zikwama ziwiri za zovala zotuluka zija n'kukazipereka kumene inu mukudziwa kuti zikufunika, osandifunsa zambiri. Zikomonso pondipirira zaka zonsezi, pamene ndinkakhala kumbuyo osayimba. Anyamata a aneba anga amene munasuntha wodilopu n'kupala khoma, sindinakuiwaleni.

Mwana wanga, unaona chimene ine ndinkakana kuona. Dzina lako litaitanidwa mu holo muja ndinaimirira n'kululutira, nsalu ya bambo ako ili pathupi panga, kampango kawo kali m'chikwama. Unanditembenukira uli pa nsanja, ndipo ndikudziwa kuti unachizindikira.

Ndipo iwe mwanangu, amene unagwada pakhomo panga Loweruka lija: ndalama imene ndinakupatsa inali ya ntchito ya masiku awiri, koma unabwera kanayi, ndipo m'mawa wa mwambo unafika kusanache kudzandimanga duku. Lero popita kusukulu ndavala siketi yobiriwira ija ndi bulauzi ya kaunjika, ana a Sitandade 5 anachita kuwomba m'manja nditalowa m'kalasi. Zikomo kwambiri. Loweruka likubwerali udutse kunyumba, ndakusungira matemba a ku Chilwa ndi ufa woyera.