Holo yodzaza, mbale yopanda kanthu: zomwe ndamvetsa pa bajeti ya chionetsero cha zovala

Mtima wakhala pansi tsopano. Funso la pa phunziro la bajeti m'kalasi lathu la kukonza miyambo, loti zimatheka bwanji chionetsero cha zovala chothandizira ovutika kudzaza holo koma n'kutha ndi ngongole, landitsegukira, ndipo yankho lake linali pafupi mochititsa manyazi.  Chomwe chinkakana kulowa m'mutu n'chakuti chionetserocho pachokha, kuyenda kwa mamodelo pa nsanja kuja, sichibweretsa ndalama. Chimadya ndalama. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa anthu okhala ndi kangachepe m'chipinda chimodzi kwa maola atatu, basi. Ndalama yothandizira imachokera kwina, ndipo ngati kwinako simunakonze, mwangokonzera anthu phwando.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka, kuti tione m'mene masamu ake amayendera. Holo K900,000. Zokuzira mawu ndi magetsi a pa nsanja K600,000. Jenereta ndi mafuta ake K250,000, poti palibe amene angadalire kuti magetsi sazima. Nsanja K350,000. Zosindikiza, mayendedwe a mamodelo ndi zodzoladzola K400,000. Zonse pamodzi K2,500,000, ndipo zimenezi mulipira kaya kwabwera anthu 200 kaya 12. Chakudya ndi chakumwa K12,000 pa munthu, tikiti K25,000. Ndiye kuti tikiti iliyonse ikusiya K13,000. Gawani K2,500,000 ndi K13,000, mupeza kuti pakufunika anthu 193 kuti mungofika poyambira. Holo imalowa 200. Ikadzaza thothotho, komiti ilengeza monyadira kuti yapeza K5,000,000, koma yotsala yeniyeni ndi K100,000.

Apo n'kuti aliyense walipira, zomwe sizichitika. Mlendo wolemekezeka sabwera yekha, atolankhani salipira, makolo a mamodelo muwabweza bwanji pakhomo? Mipando 20 yaulere yokha: olipira 180 abweretsa K4,500,000, chakudya cha anthu 200 chidya K2,400,000, zolipira zosasintha zija K2,500,000. Mwaluza K400,000, holo ili yodzaza, zithunzi zili mbwee pa Facebook, ndipo ana amasiye omwe mumati muwathandize sanaone ngakhale tambala. Palibe amene waba. Masamu okha.

Njira yomwe yandimasula ndi yogawa ndalama m'mbale zitatu, ndipo ndinene poyera kuti ndaikonda mwina mopitirira muyeso. Mbale yoyamba ndi ya zolipira zosasintha. Imeneyi imadzazidwa ndi othandiza, makampani kapena anthu akufuna kwabwino, matikiti asanasindikizidwe. Mbale yachiwiri ndi ya zomwe mlendo aliyense adye ndi kumwa, ndipo imadzazidwa ndi tikiti. Mbale yachitatu ndi ya amene mukufuna kuwathandiza: muli zotsala za matikiti, zogulitsa zovala, okushoni ndi maoda. Lamulo ndi limodzi: mbale yachitatu sibwereketsa. Ikangoyamba kubwereketsa kuti tilipire kaye wa zokuzira mawu, tibweza, yapita.

Bwererani ku manambala aja mbale yoyamba itadzazidwa kale. Tikiti yoyamba yomwe mwagulitsa yasiya K13,000 m'mbale yachitatu. Kutabwera anthu 120 okha, mvula itagwa, mipando yambiri ili gwaa, mwatsala ndi K1,560,000 musanagulitse ngakhale diresi imodzi. Holo yosadzaza yaposa holo yodzaza kuwirikiza ka 15. Apa m'pomwe ndinaona kuti ntchito yaikulu ya mwambowu imatha miyezi iwiri tsiku lisanafike, m'makalata opempha thandizo, osati usiku wa chionetsero.

Pa kupemphako, chinthu n'chosavuta kupeza kusiyana ndi ndalama. Hotela itha kupereka holo pa tsiku lomwe ilibe alendo, wosindikiza atha kusindikiza matikiti, saluni itha kukonza tsitsi la mamodelo posinthana ndi kutchulidwa. Koma zonse zilembedwe, ndi tsiku lake, ndi dzina la amene wavomera. Thandizo la pakamwa ndi madzi a mphutsi. Ikani tsiku lomalizira, mwachitsanzo masabata asanu ndi umodzi mwambo usanachitike: mbale yoyamba ikapanda kudzaza pofika tsikulo, chepetsani mwambo, osakulitsa chiyembekezo. Chotsani nsanja, chitirani masana m'holo ya mpingo kapena ya sukulu komwe dzuwa likuunikirani ulere, mungogulitsa zovala. Sizokongola pa chithunzi, koma zimasiya ndalama.

Zitsanzo zakunja zomwe timauzidwa m'kalasi zimayamba kumveka mukaziona ndi diso la mbale zitatu. Met Gala ya ku New York, phwando la mafashoni la chaka ndi chaka, yomwe Eleanor Lambert anayambitsa mu 1948 tikiti ili madola 50, imasonkhanitsira ndalama Costume Institute, nthambi yosunga zovala ya ku Metropolitan Museum of Art. Mu 2024 tikiti imodzi inali madola 75,000. Kumeneko sagulitsa chovala chilichonse. Amagulitsa mpando, ndipo ambiri mwa mipandoyo imagulidwa pa tebulo lathunthu ndi makampani a mafashoni, omwe amaitana anthu otchuka kudzakhalapo atavala zovala zawo. Tebulo logulidwa ndi kampani ndi ndalama yotsimikizika isanafike nthawi. Ifenso tingathe: tebulo la anthu 10 logulidwa ndi banki kapena kampani ya inshuwalansi limaposa matikiti 10 oyembekezera pakhomo, ngakhale anthu a pa tebulolo atapanda kubwera.

Mbali inayo ili pa Fashion for Relief, bungwe la modelo wotchuka Naomi Campbell lomwe linkachititsa zionetsero zikuluzikulu ku London ndi ku Cannes. Mu 2024 Charity Commission ya ku England ndi Wales inapeza kuti pakati pa 2016 ndi 2022, mwa ndalama zonse zomwe bungwelo linagwiritsa ntchito, 8.5 peresenti yokha ndi imene inapita ku thandizo lenileni, ndipo Campbell analetsedwa kukhala trasiti (woyang'anira) wa bungwe lachifundo kwa zaka zisanu. Iye anatsutsa zoti anali ndi mphamvu pa kayendetsedwe ka ndalamazo. Nkhani ya mlandu tiisiye, ine chondikhudza ndi nambalayo: pa K100 iliyonse yotuluka, K8.50. Funso loyenera kufunsa pa mwambo uliwonse si loti mwapeza zingati, koma loti pa K100 iliyonse zafika kwa eni ake ndi zingati.

Tsono mbale yachitatu, yomwe ndi nkhani yeniyeni. Zovala zopachikidwa pa hang'ala zimaoneka zofanana, koma m'buku zili mitundu itatu. Pali zopatsidwa ulere: diresi ya K40,000 ikagulidwa, mwachotsapo mwina K2,000 yochapira ndi kusita, yotsala yonse ndi yanu. Pali zomwe wosoka wangokuikizani kuti mugawane, tinene iye 70 inu 30: diresi yomweyo ikusiyirani K12,000, koma ikapanda kugulidwa imabwerera kwa mwini wake, simunataye kanthu. Ndiye pali zogula nokha, monga belo la kaunjika, pomwe mpamba ndi wanu ndipo zonse zosagulidwa zimatsalira inu. Aliyense amene anatsegulapo belo akudziwa kuti zapamwamba zimakhala zochepa, zapakati zambiri, ndipo pansi pamakhala zomwe ngakhale waulere angakane. Mitundu itatuyi ikasakanikirana pa tebulo la wolandira ndalama, mawa lake pamakhala mkangano ndi osoka, ndipo wosoka wokwiya sabweranso chaka chamawa.

Mankhwala ake ndi kapepala ka mtengo. Mtundu uliwonse wa katundu ukhale ndi kapepala ka mtundu wake, koyera, kachikasu, kobiriwira. Kapepalako kakhale ndi nambala yolembedwa kawiri, pamwamba ndi pansi, ndi mtengo, ndi chilembo cha mwini wake. Chovala chikagulidwa, wolandira ndalama amang'amba theka la pansi n'kuponya m'bokosi, theka linalo limapita ndi wogula ngati risiti yotulukira pakhomo. Usiku mukawerenga timapepala ta m'bokosi, ndalama ziyenera kugwirizana nato, ndipo zovala zotsala pa hang'ala kuphatikiza timapepalato ziyenera kukwana chiwerengero chomwe munayamba nacho. Zikapanda kukwana, mwadziwa kuti chasowa ndi nambala yakuti, ya wosoka wakuti. Malo olipirira akhale amodzi, anthu awiri, wina wogwira ndalama wina wolemba. Airtel Money ndi Mpamba zikhale pa nambala ya bungwe, osati ya msungichuma, ndipo uthenga wotsimikizira uoneke pa foni yolandira, osati pa ya wogula. Chenje mukonzeretu m'mawa. Poyesera zovala pakhale munthu wowerenga zolowa ndi zotuluka, chifukwa zambiri zimasowera pamenepo, ndipo pakhale kalilole wamkulu. Popanda kalilole anthu amangogwiragwira nsalu n'kubweza.

Cholakwika chomwe sindinachiganizepo n'komwe ndi cha masaizi. Zovala za pa nsanja zimasokedwa pa thupi la modelo. Amayi amene ali ndi ndalama yogulira, amene agula tebulo aja, matupi awo ndi ena. Amaomba m'manja, amaikonda diresi, sangailowe. Choncho pafupi ndi potulukira pakhale telala ndi tepi yake ndi buku la maoda, ndi zidutswa za zitenje zoti munthu asankhepo. Oda ilembedwe pokhapokha theka la mtengo litaperekedwa pompo, ndipo gawo la mbale yachitatu lichotsedwe pa thekalo usiku womwewo. Mukadikira kuti adzamalize kulipira, mudzakhala mukuthamangitsa anthu mpaka Khirisimasi.

Okushoni nayo ili ndi msampha womwewo. Pamaso pa anthu munthu amakweza dzanja ngati pa perekaniperekani wa ukwati, Lolemba foni osayankha. Lonjezo lisalowe m'buku ngati ndalama. Wopambana alipire asanatuluke, katundu asachoke asanalipiridwe, ndipo lembaninso dzina la amene anabwera wachiwiri. Zinthu zikhale zochepa, zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi zitatu, chilichonse ndi mtengo woyambira womwe mwagwirizana ndi mwini wake, ndipo ichitike anthu atadya koma mlendo wolemekezeka asananyamuke, poti akanyamuka amanyamuka ndi theka la holo. Chomwe chimakwera mtengo pa okushoni si nsalu, ndi nkhani ya chovalacho. Mu June 1997 madiresi 79 a Princess Diana anagulitsidwa pa okushoni ku Christie's ku New York pa madola oposa 3 miliyoni, zothandizira odwala khansa ndi Edzi. Anthu sankagula ulusi. Kwathu kuno jekete yomwe woimba wodziwika anavala pa siteji ingapose suti yatsopano ya mtengo wapatali.

Zotsala pa hang'ala musazisunge poyembekezera mwambo wina. Chovala chosungidwa chimadya malo, chimagwira fungo, fashoni n'kudutsa. Apa mphunzitsi wabwino ali m'matauni mwathu momwemu: mashopu a DAPP, omwe amagulitsa kaunjika pothandizira ntchito monga makoleji a aphunzitsi a Chilangoma, Amalika, Dowa ndi Mzimba. Katundu watsopano akalowa mtengo umakhala wokwera, kenako umanka nutsika mpaka shopu itapepuka, wina n'kulowa. Wofuna kusankha amalipira kusankhako, wofuna kutchipa amadikira. Pa mwambo wa tsiku limodzi zimatheka ndi maola: mtengo wathunthu mpaka chionetsero chitatha, kuchotsa kotala ola lotsatira, theka ola lomaliza. Koma kutsitsaku kukhudze timapepala ta zopatsidwa ndi zogula zokha. Za osoka musatsitse popanda chilolezo chawo cholembedwa, chifukwa 70 wawo uja mukumudula ndinu.

Chondinyansa n'chakuti zonsezi zinapatsidwa masana amodzi. Masabata atatu tinathera pa mutu wa mwambo, mitundu ya nsalu zokongoletsera, kakhalidwe ka alendo ndi kalembedwe ka kalata yoitanira mlendo wolemekezeka. Bajeti inabwera kumapeto, mothamanga, ndi chitsanzo cha fakitale yopanga sopo, ngati kuti tonse tikukatsegula fakitale. Pa sopo katundu yense ndi wogula ndipo phindu ndi la mwini wake, ndiye munthu ungaone bwanji kuti pa mwambo wachifundo katundu wina ndi waulere, wina ndi wobwereka, ndipo zolipira zosasintha zingathe kusenzedwa ndi munthu wina? Aphunzitsi ena amaonetseratu kuti sanawerengepo timapepala ta m'bokosi pakati pa usiku. Mayeso nawo amafunsa kuti tchulani magawo asanu a kukonza mwambo, osafunsa kuti anthu 193 achokera pati. Nthawi yoyeserera pa manambala enieni palibe, teremu yatha.

Pomwe mbale zanga zitatu zikundithawa ndi pa zinthu zopanda risiti. Wosoka amene wapereka madiresi asanu ulere wataya nsalu, ulusi ndi masabata awiri. M'buku mwathu zimalembedwa ziro, mbale yachitatu n'kuoneka yonenepa, chonsecho ndalamayo yangochoka m'thumba mwa munthu amene mwina naye akuvutika kulipira lendi ya shopu. Mamodelo ndi achinyamata odzipereka chimodzimodzi. Tikati tiwerengere zonsezo pa mtengo wake, miyambo yambiri ingaoneke kuti bwenzi aliyense atangopereka ndalama yake mwachindunji, holo osabwereka n'komwe. Komanso munthu amene wagula tebulo lero mwina ndi amene adzamange chipinda cha sukulu zaka zitatu zikubwerazi, chifukwa anamva nkhaniyo usiku umenewo, ndipo wosoka uja mwina wapeza makasitomala khumi. Zimenezo ndiziika m'mbale iti? Ndayesa kuwonjezera yachinayi, koma ikungokhala malo obisamo mwambo uliwonse womwe waluza, ndiye pakadali pano ndaifufuta.