Lachitatu pa ng'anjo: kuyala graphene pa kopa

Lero tayala graphene pa tizidutswa tinayi ta kopa pogwiritsa ntchito njira ya CVD. Mu njira imeneyi gasi amalowa mu chubu chotentha, akakhudza chitsulo amasweka, ndipo chotsala chake chimamatirira pamwamba n'kukhala khungu latsopano. Gasi wathu ndi methane, chotsala ndi kaboni, ndipo khungulo, lomwe ndi graphene, kuchindikala kwake ndi atomu imodzi basi.

M'mawa tinadula kopa wopyapyala, wochindikala ma micrometer 25 (milimita imodzi ili ndi ma micrometer 1000), tizidutswa ta masentimita awiri mbali zonse. Tinatiika mu asidi wa acetic kwa mphindi 10 kuti dzimbiri lapamwamba lichoke, kenako tinatsukuluza ndi madzi oyeretsedwa, acetone ndi isopropanol, n'kuumitsa ndi nayitirojeni. Kopa ameneyu sachedwa kupindika, ndipo pamene papindika graphene amadzang'ambikira pomwepo. Muzimugwira ndi chopanira, cham'mphepete. Chidindo cha chala chimodzi chokha chimaoneka ngakhale atatuluka m'ng'anjo.

Chimene chatidyera nthawi ndi mpweya wolowa mozemba. Titatseka chubu cha quartz n'kupopa mpweya wonse, tinatseka vavu ya pampu n'kuyang'ana geji yoyezera mphamvu ya mpweya wa m'chubumo kwa mphindi zisanu. Nambala inkangokwera mofanana, osafooka. Apa m'pofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri. Chikakhala chinyezi chimene chinakakamira m'makoma a chubu, nambala imakwera poyamba kenako n'kuyamba kuima. Ikamakwera mosalekeza, dziwani kuti penapake pakudontha. Titamasula kumene gasi amalowera tinapeza kaulusi ka nsalu katapingasa pa mphira ya O-ring. Kaulusi kosaoneka bwino n'komwe, koma kokwanira kuwononga ntchito ya tsiku lonse, chifukwa pa madigiri 1000 okosijeni amadya kaboni amene tikufuna kuti akhale pa kopayo. Tinapukuta mphirayo ndi isopropanol, kumanganso, ndipo geji inakhazikika. Kuyesa kumeneku musamakudumphe, ngakhale makinawo atagwira bwino dzulo lake.

Tinatsegula hayidirojeni ng'anjo isanayambe kutentha, n'kukweza mpaka madigiri 1000. Pamenepo kopa anakhala mphindi 30 mu hayidirojeni yekha. Nthawi imeneyi imachotsa dzimbiri lotsala komanso imakulitsa timagawo ta m'kati mwa chitsulocho, moti kopa amatuluka wofewa ndi wowala kuposa mmene analowera. Chenjezo ndi lakuti kopa amasungunuka pa madigiri 1085. Mpata wake ndi wochepa, ndipo choyezera kutentha chili kunja kwa chubu, choncho nambala ya pa ng'anjo si yofanana ndendende ndi kutentha kwa pa chitsulo. Komanso mu chubu chopopedwa kopa amachoka pang'onopang'ono ngati nthunzi. Mkombero wofiirira umene umaoneka kumapeto kozizira kwa chubu ndi kopa yemweyo.

Kenako methane: 35 sccm (mlingo wa gasi wolowa pa mphindi), hayidirojeni 2 sccm, geji pa 500 mTorr (mphamvu ya mpweya yotsika kwambiri), kwa mphindi 20. Milingo ya gasiyi ndi imene gulu la Rodney Ruoff ku University of Texas at Austin linagwiritsa ntchito mu 2009, ndipo ikadali poyambira pabwino. Ubwino wa kopa ndi wakuti salowetsa kaboni m'kati mwake kwenikweni. Methane amasweka pamwamba pokha, ndiye kaboni akaphimba paliponse gasiyo amasowa poswekera, ntchito n'kuima yokha pa khungu limodzi. Nickel sachita choncho. Iye amamwa kaboni akatentha n'kumulavula pozizira, ndipo mumapeza pena makungu awiri, pena ambirimbiri.

Pozizitsa tinakankhira ng'anjo pambali kuti chubu chizizire msanga, gasi akuyendabe. Tinadikira kuti kutentha kutsike pansi pa madigiri 100, kenako tinatseka hayidirojeni, kupopa, n'kudzaza argon, gasi wosayaka, tisanatsegule. Hayidirojeni amayaka akangofika magawo 4 pa 100 alionse mu mpweya, choncho paipi yotulutsa utsi wa pampu iyenera kupita kunja, osati kuthera m'chipinda.

Ndi maso, kopa wokutidwa ndi wosakutidwa amaoneka chimodzimodzi. Mayeso achangu ndi awa: dulani kangodya, kaikeni pa mbale yotenthetsera ya madigiri 200 kwa mphindi ziwiri, pamtetete. Pamene pali graphene pamakhalabe powala, pamene palibe pamachita dzimbiri n'kusintha mtundu. Tizidutswa titatu tinakhalabe towala. Kachinayi kanatuluka mawangamawanga, ndipo pa maikulosikopu panaoneka tizilumba towala tonga maluwa, pakati pake pali mizere yofiira pamene tizilumbato sitinakumane. Chifukwa chake n'chodziwika: kanali kumapeto, kunja kwa chigawo cha pakati chimene chimatentha mofanana. Kutentha kukachepa pang'ono methane amasweka mochedwa, ndiye mphindi 20 sizinakwane. Ulendo wina tidzaika titatu tokha.

China chimene sichinatisangalatse ndi timadontho toyera tomwazikana pa tizidutswa tonse. Kawirikawiri timeneti ndi silika wochokera ku chubu cha quartz chikakalamba. Kuchitsuka sikuthandiza kwenikweni, chikufunika chatsopano.

Madzulo tapaka PMMA, pulasitiki wopyapyala, pa tizidutswa titatu tabwinoto kuti agwirizize graphene posamutsa. Mawa tiyamba ndi kuchotsa graphene wa kunsi kwa kopa ndi plasma ya okosijeni (gasi wopatsidwa mphamvu ndi magetsi), poti amamera mbali zonse ziwiri, ndipo wakunsiyo akasiyidwa amakwinyika n'kumatirira pa wabwinoyo. Tikatero tiyandamitsa pa mankhwala odya kopa a ammonium persulfate mpaka kopa atasungunuka, titsukuluza katatu, n'kuwolera pa silikoni wokutidwa ndi silika wochindikala ma nanometer 300 (micrometer imodzi ili ndi ma nanometer 1000), pamene khungu limodzi limaoneka pa maikulosikopu. Pamenepo tidzachita mayeso a Raman, owalitsa leza pa khungulo n'kujambula kuwala kobwerako ngati girafu ya nsonga zotchedwa D, G ndi 2D. Tikufuna nsonga ya 2D ya pa 2700 italike kuposa G ya pa 1580, ndipo D ya pa 1350 ikakwera ndiye kuti khungulo lili ndi zilema.