Tsiku Limene Ndinavotera Mdani Wanga

Amene anayambitsa phokoso ndine, ndipo zimenezo sindikana. Gulu lathu la osewera eFootball, mpira wa pafoni, muno mu Mzuzu lili ndi anthu 41, ndipo aliyense amasonkha K2,000 pamwezi kuti wopambana mpikisano azilandirako kangachepe. Kwa zaka ziwiri wapampando ankasankhidwa ndi ma admin atatu okha, usiku, enafe tili m'tulo, ndipo tinkangodzukira uthenga wakuti akuluakulu agwirizana kuti wakale yemweyo apitirize.

Tsiku lina, nditangochinyidwa zigoli 6 kwa duu ndi wapampandoyo, ndinalemba uthenga wautali pa WhatsApp wofuna kuti zinthu zizichitika poyera. Ndinawakumbutsa za tipeksi wa chisankho cha 2019, za khoti limene linafafaniza zotsatira mu February 2020, ndi za lamulo la 50+1, ndipo ndinafunsa kuti ngati dziko lonse linabwereza kuvota, ife osewera mpira wa pafoni tingakanikirenji. Anthu anawomba m'manja ndi tizithunzi. Mutu unakula, ndipo ndinalengeza kuti ndiima nawo. Wakaleyo anangoti watopa, choncho wopikisana nane anali mnyamata wina wometa tsitsi ku Chibavi, wofatsa, amene sanachite kampeni ngakhale pang'ono.

Ine kampeni ndinaichita. Anthu 12 ndinawagulira mabandulo, ena anayi ndinawadyetsa tchipisi ku Katoto, ndipo mlamu wanga, amene amatchajira foni kwathu masiku onse, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Alamu, gonani tulo, mpando ndi wanu." Ndalama za kampeniyo zinali za makala a mwezi umenewo, koma ndinadziuza kuti wapampando sangasowe makala.

Tinagwirizana kuvota pa WhatsApp pomwepo, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 12 koloko masana. Chimene sindinadziwe, ine katswiri wa malamulo, n'chakuti pa voti ya WhatsApp aliyense amaona dzina la amene wavotera aliyense.

Linali tsiku la mu June, lija la chifunga ndi mvula yowaza, pamene zala zimauma ngati chinangwa cha padzuwa. Magetsi anali atazima usiku wonse ndipo foni inatsala ndi 2 peresenti. Ndili pa kabaza kuchokera ku Luwinga, ndinaganiza zovota msanga foni isanazime. Nthawi imene ndinkatsitsa chala, njinga inagwa m'dzenje, chala chinatera pena, ndipo foni inathima pomwepo. Sindinade nkhawa, popeza ndinali wotsimikiza kuti voti imodzi sikanthu kwa munthu wa mabandulo 12.

Ndinaitchaja madzulo ndili kuntchito. Mauthenga anali 300 ndi kanthu, ambiri a tinkhope toseka mpaka misozi. Wometa uja anapeza mavoti 38. Pamndandanda wa omuvotera panali onse a mabandulo, onse a tchipisi, mlamu wanga, ndiponso dzina langa lenilenilo, ndi chithunzi changa cha suti chimene ndinaikira kampeni. Ine ndinapeza voti imodzi, ndipo yochokera kwa wometayo, amene analemba mwaulemu kuti, "Achimwene, ndinaona kuti si bwino munthu wamkulu kutuluka chimanjamanja."

Ndinakapereka madando, ndikufotokoza za dzenje ndi za kuzizira. Wakale uja anayankha kuti ngakhale atandibwezera voti yangayo ndikhala ndi ziwiri, ndipo anafunsa ngati ziwiri zikukwana 50+1. Wina anawonjezera kuti ngati mwini wake sanadzikhulupirire, iwo akanalimba mtima bwanji.

Wapampando watsopanoyo, potsatira mfundo yanga yomwe ija yochita zinthu poyera, anapempha kuti aliyense amene analandira kanthu pa kampeni aulule. Anaulula onse, ndi zithunzi za mauthenga a ndalama, masiku ndi maola omwe. Mlamu wanga, pofuna kuti banja lisatsalire pa nkhaniyi, anatumiza zonsezo kwa mlongo wake.

Nditafika kunyumba ndinapeza mbaula ili pakhomo, yopanda khala ndi limodzi lomwe, mayi a kunyumba atakhala pambali pake, foni ili m'manja. "Bwana wapampando," anatero osandiyang'ana, "ana avota kuti nsima ya lero muphikire pa bandulo."