Tchalitchi cha Namugongo ndi Charles Lwanga Woyera

Guwa la tchalitchi cha Katolika cha Namugongo ku Uganda lili pamalo enieni pomwe anawotcherapo Charles Lwanga, mtsogoleri wa anyamata achikhristu otumikira kunyumba ya mfumu, pa 3 June 1886, mfumu Mwanga II ya Buganda italamula. Ambiri amaganiza kuti amaritiri onse a ku Uganda (Akhristu amene anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro chawo) anafera pamenepo, koma ayi. Lwanga anamupatula, namuwotcha yekha pang'onopang'ono kuyambira kumapazi. Anzake, kuphatikizapo kamnyamata Kizito, anakawawotchera chapatsogolo, pomwe lero pali tchalitchi cha Anglican.

Papa Paul VI analengeza kuti amaritiri 22 a Katolika, kuphatikizapo Lwanga ndi Kizito, ndi oyera pa 18 October 1964. Tchalitchi chamakonochi anayamba kuchimanga mu 1967 n'kuchimaliza mu 1975. N'chozungulira ngati nyumba ya kumudzi, ndipo chili ndi nsanamira 22, iliyonse kuimira maritiri mmodzi. Pa 3 June chaka chilichonse anthu amachuluka zedi, moti Misa imachitikira panja, m'mbali mwa dziwe.