Mbewa ndi BP ya amayi

Lachiwiri. Ndinalawirira kuperekeza amayi kukapimitsa BP. Minibasi ya ku Area 25 sinachedwe kudzaza, ndipo tinafika mzere usanatalike. Makina anaonetsa 165/98. Adokotala atafunsa ngati akumwa mankhwala awo a BP, amlodipine, tsiku ndi tsiku, amayi anangozyolika. Tili m'njira ndi pomwe anaulula: "Ndinasiya sabata ziwiri zapitazo mwanawe, mutu unaleka kupweteka."

Mtima unandiwawa, koma sindinawayankhe.

Masana ndinatsegula zowerenga za kukoleji, mutu wa mitsempha ya magazi. M'kati mwa khoma la mtsempha muli maselo a mnofu otchedwa smooth muscle cells. Akakokana njira ya magazi imachepa, akamasuka imatakasuka. Amlodipine amatchinga calcium kuti asalowe wambiri m'maselo amenewa, motero mtsempha umamasuka ndipo BP imatsika.

Zambiri za maselowa zinadziwika kudzera mu mbewa. Si mbewa zathu zija zotungidwa pa timitengo mumsewu wa ku Dedza ayi, koma zoweta mu labotale. Akatswiri amachotsa aorta, mtsempha waukulu wochoka ku mtima, womwe mu mbewa kunenepa kwake ndi pafupifupi milimita imodzi basi. Amaufewetsa ndi collagenase ndi elastase, mankhwala osungunula zomangirira maselo pamodzi, mpaka maselo alekane, kenako amawalera m'timbale pa kutentha kwa madigiri 37. Kuyambira 1992 kulinso mbewa zochotsedwa jini (kachidutswa ka malangizo a chibadwa) ya ApoE, zomwe mitsempha yake imaunjikana mafuta msanga, ndipo amaphunzirirapo za matenda otseka mitsempha.

Chimene chandikhudza kwambiri ndi ichi: khoma la mtsempha likamavulala, maselowa amasintha khalidwe. Amaleka ntchito yawo yokoka, amachulukana, amasamukira chakum'kati kumene kumadutsa magazi, ena mpaka amayamba kuuma ngati fupa. Zonsezi zimachitika munthu akuseka, akulima, osamva kupweteka paliponse. Mbewa si munthu, n'zoona, ndipo chopezeka m'mbale chiyenera kuyesedwanso mwa anthu. Komabe ndinkawerenga ndikuona mitsempha ya amayi anga.

Madzulo magetsi atathima tinakhala pakhonde. Ndinatenga payipi yothirira ndiwo zamasamba yomwe inauma ndi dzuwa, n'kuwapatsa kuti ayipinde. Inathetheka pomwepo.

"Ndiye ukuti m'thupi mwangamu zikutero?"

"Zikhoza kutero amayi, mukamadumphitsa mankhwala."

Anakhala chete kanthawi, kenako anandituma madzi a m'kapu. Mapilitsi tawaika pambali pa chitini cha shuga, pomwe amayambira m'mawa uliwonse pofuna kupanga tiyi.